Boma Moto: Ulendo wa Kaliu ka Zilembo Zinai

Ndinali mu Giledi 6 pamene kaliu ka zilembo zinai kanatayitsa ambuya anga kacasu wa mlungu wathunthu.

Tinali kukhala ku Chawama, pa nyumba yaitali ya zitseko 6, citseko ciliconse banja lake. Ambuya, amene anabala amai, anabwela kucokela ku Katete kudzapimitsa maso, koma ulendo wa mwezi umodzi unasanduka wa zaka zisanu. Sanali munthu wokhala cabe. Kuseli kwa nyumba, pafupi ndi cimbudzi, anaimika dilamu ndi paipi, nayamba kuphika. Ndisabise: nsapato zanga za kusukulu zinali kucokela m'dilamu limenelo.

Citseko ca kumapeto cinali ca amai ena a ku Kinshasa, ogulitsa zitenge. Cinyanja anali kucikamba bwino, koma mtima ukadumpha, lilime linali kubwelela kwao. Tsiku lina madzulo, malaiti atapita, kamwana kao kanagunda mbaula, makala amoto n'kugwela pa mulu wa zitenge za malonda. Amai aja anakuwa mau amene anamveka mpaka ku mseu:

"Boma! Boma moto! Boma!"

Ambuya sanadikile kumva zambili. Anakhuthulila zigubu zonse ziwili m'ngalande, nalowa m'cimbudzi, nakoka citseko. Ife tinathamangila kumene kunali utsi ndi mabeketi a madzi. Moto utazima, m'pamene tinaona kuti munthu mmodzi akusowa. Anatuluka patapita nthawi, akuyenda monyang'ama, nafunsa monong'ona: "Apita?"

"Ndani, ambuya?"

"A boma."

Amai a ku Kinshasa atamva zimene zacitika, anagwada pamaso pao. "Ambuya, pepani maningi. Mu citundu cathu boma ni kupaya. Nenze kuuza mwana ati zimya mulilo."

Ambuya anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana ngalande. "Kwanu boma ndi kupha?" anatelo. "Ndiye kuti citundu canu sicinama."

Nyumba yonse inaseka mlungu wathunthu, inenso ndinaseka. Koma funso linatsala mumtima. Ambuya anali munthu wopha njoka ndi khasu popanda kuitana mwamuna. N'ciani cinali m'kaliu aka cimene cinawathamangitsa conco?

Bodza lokoma la pa bolodi

Mu Giledi 9 ndinaganiza kuti yankho ndalipeza. Aphunzitsi athu analemba pa bolodi zilembo zinai motsitsa, B, O, M, A, ndipo pambali pa ciliconse anaikapo liu la Cizungu: British Overseas Military Administration. Tinakopela mokondwa. Nkhani inali yosalala: azungu anabwela ndi ofesi yao, makolo athu analephela kutchula dzina lalitali, nalidula. Ine ndinainyamula zaka zambili. Ndinaikamba m'minibasi, m'babashopu, ngakhale kwa mtsikana wina amene ndinali kufuna kuti andione wanzelu. Inunso mwina munaiona pa Facebook kapena pa WhatsApp. Ena m'malo mwa Military amaikapo Management, ena amati ndi British Officers' Mess Area. Pamenepo pokha tinayenela kukaikila. Mwana mmodzi sakhala ndi atate atatu.

Cimene cinandigwetsela nkhaniyi ndi kalendala. Henry Morton Stanley ananyamuka ku Zanzibar mu 1874 ndi gulu lalikulu la amtengatenga olankhula Ciswahili, nadutsa Africa kucoka kum'mawa kufika kumadzulo. M'buku lake la ulendowo, Through the Dark Continent, lotuluka mu 1878, liu la boma lilimo kale, ndipo litanthauza mpanda wa mitengo. Mu 1882 munatuluka dikishonale ya Ciswahili ya Johann Ludwig Krapf, mmishonale wa ku Germany amene anafika ku Mombasa mu 1844. Namonso boma lilimo, monga linga lotchinjiliza mudzi. Tsopano welengani zaka. Kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, imene inadzalamulila dziko lino, inalandila cilolezo cake ku London mu 1889. Dzina lingafupikitsidwe bwanji mwini wake asanabadwe?

Si zokhazo. Amene anatilamulila mpaka 1924 sanali gulu la nkhondo la mfumu ya ku England, koma kampani ya malonda, yokhala ndi eni masheya oyembekezela phindu. Ndipo ku dziko limene lelo ndi Tanzania, kumene kunali Ajelemani, nyumba zao za ulamulilo zinali kutchedwanso boma. Ya ku Mikindani, ya ku Bagamoyo ndi ya ku Arusha zikali ciimile. Mjelemani akanalola bwanji kuti pa khomo pake pakhale dzina loyamba ndi British?

Ndiye n'cifukwa ciani bodzali timalikonda? Ndiganiza kuti limagwilizana ndi zimene tinaphunzitsidwa mwakacetecete: kuti cinthu ciliconse cacikulu cinatsika m'sitima ya mzungu, ife tinangocitchula molakwika. Koma apa zinthu zinayenda mobwelela. Mzungu ndiye anabweleka liu kwa anthu amene anali kumunyamulila katundu.

Minga kuloza kunja

Tanthauzo lenileni ndinakaliona ndi maso m'sitima ya TAZARA, pa ulendo wokagula katundu wa malonda ku Dar es Salaam. Titapitilila Mbeya, mdala wina wa ku Tanzania amene tinakhala naye mpando umodzi analoza pa windo nati, "Boma." Ine ndinatukula khosi kufunafuna mbendela, ofesi, kapena wapolisi. Kunalibe. Kunali nthambi za minga zozungulizidwa, mkati muli ng'ombe ndi kamnyamata ka ndodo. Mlendo amabweladi ndi kalumo kakuthwa, koma tsiku limenelo mlendo ndinali ine, ndipo wometedwa ndinali ine ndemwe.

M'Ciswahili boma ndi mpanda wotchinga anthu kapena ziweto. Midzi ya Amasai, imene eni ake amaitcha enkang, alendo amaidziwa ndi dzina lomweli cifukwa ca minga yoizungulila. Ndipo liuli linayenda mitunda yaitali cifukwa linali la anthu a paulendo. M'zaka za m'ma 1800, magulu a amalonda ocokela ku madoko monga Bagamoyo ndi Kilwa anali kulowa mkati mwa dziko kufuna minyanga ya njovu ndi anthu. Dzuwa likapendeka, nchito yoyamba isanafike ya kuphika inali kudula mitengo ya minga ndi kuizunguliza, minga kuloza kunja. Mkati munali moto, nsalu, mikanda, onga ndi anthu otopa. Kunja kunali mikango, afisi, ndi eni dziko amene sanakondwele ndi alendowo.

Mpanda womwewo sunali cinthu cimodzi kwa onse. Kwa mwini katundu unali tulo tabwino. Kwa wa pamudzi woyandikana nao unali cenjezo. Kwa kapolo wa goli m'khosi unali ndende. Ndipo sikuti nthawi zonse unali kugwila nchito yake. Mu 1898, anchito omanga njanji ku Tsavo, m'dziko la Kenya, anali kugona m'maboma a minga, koma mikango iwili inali kudumpha kapena kuboola, n'kukoka anthu m'matenti.

Amalonda ena anamanga a cikhalile, a mitengo ikuluikulu ndi dothi. Lochuka kwambili kufupi ndi kwathu linali la Mlozi, pafupi ndi Karonga, limene linagwetsedwa ndi mizinga mu 1895. Ifenso sitinali osowa mau a zinthu zotele. Acewa anali ndi linga lothawilamo nkhondo, mpanda wa pakhomo, ndi khola la mbuzi. Angoni anali ndi cibaya, mtima wa mudzi, mogona ng'ombe. Tikanafuna liu la mpanda cabe, sitikanabweleka. Tinabweleka cifukwa cimene cinabwela cinali mpanda wa mtundu wina.

Mmene mpanda unakhalila ufumu

Mu 1891 Harry Johnston anayamba kukhazika ulamulilo wa Britain ku dela la Nyanja ya Malawi. Anali ndi asilikali ocokela ku India ndi ena a ku Zanzibar. Iye kumeneko, ndi a Kampani kuno, kulikonse kumene anaponda anali kuyamba ndi linga. Pa mapu mzungu anali kulemba Fort. Fort Johnston lelo ndi Mangochi, Fort Manning ndi Mchinji, Fort Rosebery ndi Mansa, Fort Jameson ndi Chipata. Koma wodula mitengo, wophika, womasulila ndi msilikali wa pa geti sanali kunena Fort. Anali kunena boma, ndipo anthu a m'midzi anamva kwa iwo.

Kwathu kum'mawa liuli linafika pamodzi ndi kulila kwa mfuti. Mu January 1898 asilikali ocokela ku tsidya la Malawi anaukila Angoni a Mpezeni ndi mfuti za Maxim ndi mizinga. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolela nkhondo, anagwidwa naombeledwa. Midzi inatenthedwa, ng'ombe masauzande zinatengedwa, ndipo Nc'wala inaleka kufikila pamene inadzaukitsidwa mu 1980. Pa dziko la Angoni panamela Fort Jameson, likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Taonani kuwawa kwake: liu lotanthauza khola la ng'ombe linafika ndi anthu amene anasiya zibaya zili pululu.

Nkhondo zitatha, mitengo ya linga inadyewa ndi ciswe. M'malo mwake munabwela ofesi ya njelwa, khoti, ndende, nyumba ya Bwana DC pa kamtunda, ndi mzele wa nyumba za amesenjala. Mpanda unatha, dzina linatsala. Poyamba linali la mitengo. Kenako linakhala la malo. Kenako la anthu okhala pamalopo. Potsiliza linakhala la mphamvu yosaoneka imene inali kuwatuma. Zimenezi si zacilendo m'cinenelo cathu. Mpando ndi thabwa la miyendo inai, koma tikati wakhala pa mpando wa Gawa Undi, palibe amene amaganiza za kalipentala. Bwalo ndi pansi posesa, koma limaweluza milandu.

Nanga mphamvuyo inali kufuna ciani kwa munthu wa pamudzi? Coyamba msonkho wa nyumba, umene unayamba kumayambililo kwa zaka za m'ma 1900, wolipila ndi ndalama m'dziko limene anthu anali kusinthana mapila ndi nkhuku. Kuti upeze ndalamazo unafunika kusiya mkazi ndi munda, kuyenda pansi kupita ku mapulazi a fodya, ku Walale, ku Joni, ndipo pambuyo pake ku migodi ya ku Copperbelt. Caciwili citupa, kapepala konena kuti ndiwe yani, wa mfumu iti, ndipo msonkho walipila kapena ai. N'cifukwa cake mu 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha, anthu a kumpoto ndi ku Luapula anali kusonkhanitsa zitupa n'kuzitentha.

Apa m'pamene ndinamvetsa ambuya. Usiku wina, tikusenda nshawa, anandiuza za ubwana wao. Mnyamata akabwela akuthamanga kucokela ku njila nati a boma ali pa dambo, amuna onse osalipila anali kukwela phili. Akazi anali kubisa mowa, nkhuku ndi mbuzi. Mesenjala akapanda kupeza mwamuna, nthawi zina anali kutenga mkazi kuti mwamunayo adzipeleke yekha. Amai ao a ambuya anatengedwapo kamodzi, mwana ali kumbuyo, nakhala masiku atatu. "Sindinaonepo a boma atabwela ndi kanthu m'manja," anatelo. "Anali kubwela manja lende, n'kubwelela atanyamula." Thupi limene linaphunzila kuthawa lili ndi zaka 7 silifunsa mafunso lili ndi zaka 70.

Pali kanthu kena kamene kamandisekesa ndi kundidandaulitsa. Aswahili eni ake satcha ulamulilo wa dziko kuti boma. Amati serikali. Tchulani kawili mofulumila, kenako mutchule liu lathu lakuti msilikali. Kwa khutu langa, zili ngati katundu anasinthana pa njila: liu lao la mpanda ife tinalipatsa olamulila, ndipo lomveka ngati lao la olamulila tinalipatsa munthu wa mfuti. Makolo athu anatchula zimene anaona.

Ku Congo, kumene boma ndi kupha

Tibwelele kwa amai a zitenge. M'Cilingala, koboma ndi kupha, ndipo ukalamula munthu umati boma. Liu lomwelo ndi lozimitsa nyale, wailesi kapena injini ya motoka. Mukamvetsela bwino nyimbo za rumba zimene zimalila m'mabawa a m'komboni, mudzalimva kawilikawili, maka pamene woimba akudandaula kuti cikondi cimumaliza. Sakamba za nduna ai.

Liu laciwili limene anakuwa lija lilinso ndi msampha wake. Pa pepala, moto m'Cilingala angakhale moto wathu womwewu, angakhale munthu, angakhalenso mutu. Cimasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mau ndi katsegulidwe ka pakamwa, monga mmene ife timasiyanitsila mtengo wa mango ndi mtengo wa cinthu pa msika. Conco mau awili aja, boma moto, Mnyanja angamve kuti olamulila ayaka, Mswahili angaganize za khola ndi moto, ndipo wa ku Kinshasa angamve kuti zima moto kapena ipha munthu. Zilembo zisanu ndi zitatu, nkhani zinai.

Ku Congo komweko kuli mzinda wotchedwa Boma, pa mtsinje wa Congo, makilomita pafupifupi 100 kucokela ku nyanja ya Atlantic. Unali doko la malonda a akapolo. Stanley uja, amene analemba za maboma a minga a kum'mawa, anatsilizila ulendo wake pa mzinda umenewu mu August 1877, anthu ake atatsala pang'ono kufa ndi njala. Mu 1886 Boma anakhala likulu la Congo Free State, dziko limene Mfumu Leopold II ya ku Belgium inali kuliyesa munda wake, ndipo anakhalabe likulu mpaka m'zaka za m'ma 1920 pamene linasamukila ku Léopoldville, Kinshasa wa lelo. Malamulo a m'nthawi ya mphila, pamene midzi yolephela kukwanitsa muyeso inali kutenthedwa ndipo anthu anali kudulidwa manja, anali kudutsa m'maofesi a mumzindawo. Roger Casement, amene lipoti lake la mu 1904 linaulula nkhanzazo, anali kazembe wa Britain pa Boma pomwepo.

Pamenepa mtima umafuna kulumikiza zonse: mzinda wa olamulila, liu la kupha, ndi boma lathu. Ndiponso m'Cikongo, cinenelo ca dela la mzindawo, mboma ndi nsato, njoka yomeza mbuzi yathunthu. Nthano yake ingakome kwambili. Koma ndikatelo ndidzakhala ndabwelela pa bolodi la mu Giledi 9. Kufanana nkhope si cibale. Zinenelo zathu zimamanga mau ndi timagawo tocepa, bo, ma, ka, la, ndipo n'zosadabwitsa kuti anthu otalikilana amagwela pa liu limodzi popanda kubwelekana. Kupha kwa Cilingala ndi mpanda wa Ciswahili ndi anthu awili ovala malaya ofanana. Ambuya anawaphatikiza cifukwa ca zimene moyo unawaonetsa, osati cifukwa ca dikishonale.

Kumene kaliuka kali lelo

Pa 24 October 1964 mbendela inasintha, maina a Fort anayamba kucotsedwa, koma boma linatsala, ndipo likali kusintha maonekedwe. Ku Malawi ndi ulamulilo wa dziko, komanso ndi cigawo: dzikolo lili ndi maboma 28, ndipo munthu amati kwathu ndi m'boma la Dedza. Ku Katete kapena ku Lundazi, wopita ku boma angakhale akungopita kukagula feteleza ndi sopo. Kuno ku Lusaka, ukamva kuti a uje ndi akazi ao apita ku Boma, udziwa kuti cikwati cafika pa khoti. Ngakhale galamala tinaisintha. Kumudzi amati boma lathu lanena, ife m'tauni timati boma yathu yakamba.

Ku South Sudan, dziko limene linadziimila pa 9 July 2011, boma ndi kagawo kakang'ono kwambili ka ulamulilo, midzi yocepa cabe, pansi pa cigawo cotchedwa payam. Cimene kwa ife cili pamwamba penipeni, kwa iwo cili pansi penipeni. M'malo ogona alendo odzaona nyama, ku Mfuwe, ku Livingstone kapena ku South Africa, boma ndi kabwalo ka mpanda wa bango kumene alendo amadyela nyama yowocha pafupi ndi moto. Ndipo osamalila nyama za m'thengo amatcha boma khola lolimba losungilamo nyama yosamutsidwa kuti izolowele malo. Zipembele zakuda zimene zinabwezedwa ku North Luangwa kuyambila mu 2003 zinayamba moyo wao watsopano m'boma. Pa onsewa, a zipembele ndiwo asunga tanthauzo lakale.

Mipanda iwili

Pali liu lina limene ife a m'tauni timalitchula tsiku lililonse osalifunsa kwao: komboni. Linacokela ku Cizungu, compound, ndipo Angelezi nawonso analitola kum'mawa kwa Asia, ku liu la Cimalay lakuti kampung, mudzi. Ku migodi ya dayamondi ya ku Kimberley, m'zaka za m'ma 1880, linakhala dzina la malo otsekedwa kumene anchito akuda anali kusungidwa mpaka kontilakiti itatha. Kucoka kumeneko linakwela ndi njanji mpaka kuno.

Conco mau awili amene amalamulila moyo wathu onse ndi mipanda. Wa boma unali woletsa ife kulowa. Wa komboni unali woletsa ife kutuluka.

Lusaka atakhala likulu mu 1935, anakonzedwa ngati mzinda wa mitengo ndi miseu yotakata wa azungu ndi maofesi ao. Munthu wakuda anali kuonedwa ngati mlendo wodzagwila nchito, wobwelela kumudzi akakalamba. Osowa malo anayamba kumanga pa mapulazi ndi pa malo a makontilakita kunja kwa mzinda. Maina monga John Laing, John Howard ndi George akali kutikumbutsa eni malo ndi eni nchito a nthawi imeneyo. Kwa zaka zambili, ngakhale pambuyo pa ufulu, malo amenewa sanali kuwelengedwa monga mbali ya mzinda: analibe mapaipi, analibe miseu, ndipo anali kuopsezedwa ndi kugwetsedwa. Mu 1974 m'pamene panabwela lamulo lolola kuti makomboni otele avomelezedwe ndi kukonzedwa, ndi kuti wokhalamo apatsidwe cikalata ca zaka 30. Chawama, George, Garden ndi Chaisa anali m'gulu la oyamba kuona mapaipi ndi miseu ya nchito imeneyo. Mpanda unasunthako, ndipo sunasunthe wokha. Anthu anakana kucoka, anaculuka, ndipo anali ndi mavoti.

Masiku ano mvula ikadzaza nyumba ku Kanyama, kapena kolela ikabuka, wa kamela amabwela, ndipo amai ataimilila m'madzi amanena mau amene tonse tiwadziwa: boma iyanganepo. Ena amawaseka mauwa. Ine sindiwaseka, koma ndimamvamo liu la munthu woima kunja kwa mpanda, akuitana a mkati. Ndipo ndimakumbuka za paulendo paja. Minga sanali kudula mwini katundu. Anali kudula amtengatenga, manja ali magazi, ndipo akatsiliza anali kugona mkati, cifukwa wodula minga sagona ndi afisi. Ife timadula minga tsiku lililonse: pa tikiti ya pa msika, pa thokotaimu, pa mafuta a minibasi, pa paketi iliyonse ya shuga imene ili ndi msonkho mkati. Wopempha ngalande m'komboni sapempha cifundo. Afunsa malo ake ogona.

Nditakwanitsa zaka 16, amai ananditenga kukatenga reji. Ambuya anaumilila kutipelekeza. Anavala citenge ca ku chalichi ndi duku yatsopano, ngati opita ku malilo a munthu wamkulu. Titafika pa geti anaima. Amai anawakoka dzanja, koma iwo anakana, nakhala pansi pa mtengo pafupi ndi mai wogulitsa vitumbuwa. Tinalowa awili. Mzele unali wautali, ndipo tinatuluka dzuwa litapendeka. Tinawapeza pamalo pomwepo, maso ali pa geti.

Ndinawapatsa kakhadi kobiliwila. Anakatembenuza uku ndi uku, nakayandikiza ku diso lao labwino.

"Citupa," anatelo.

"Si citupa, ambuya. Ni reji. Nikafika 18 nizavotela nayo."

Sanayankhe zimenezo. Anandigwila mapewa, nandizungulutsa, kuyang'ana kumsana ndi m'miyendo.

"Sanakumenye?"

"Iyai, ambuya."

"Anakulipilitsa nkhuku?"

"Iyai."

Anayang'ananso geti, kumene anthu anali kulowa ndi kutuluka, ena akudya cimanga cowocha, wina akukangana ndi mlonda mopanda mantha. Kenako anamasula mfundo ya pa citenge, natulutsa ndalama ya m'dilamu lija, nagula vitumbuwa vitatu.

"Tsiku lina," anatelo akutafuna, "udzandilowetse ndikaoneko mkati."

Caka cotsatila anabwelela ku Katete, ndipo sanabwelenso.